Galimoto Ikakalamba, Alipire Ndani?

Sienta ya achemwali anga inalowa m'dziko muno kudzera pa Songwe itayenda kale zaka khumi m'misewu ya ku Japan. Kuno inawatumikira zaka zinayi osadandaula: ana kusukulu, matumba a chimanga ochokera kumudzi, maliro, maukwati. Tsiku lina m'mawa akukwera kamtunda, injini inangolira koma galimoto osathamanga, kenaka inayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo. Makaniko wawo, yemwe anaipanga sevisi masabata atatu m'mbuyomo, anaimvetsera ikulira nkupukusa mutu.

"Mayi, giyabokosi yapita. Ndi ukalamba umenewu. Galimoto zimenezi zikafika apa zimatero."

Mtengo umene anatchula wa giyabokosi ina, yakaunjika, unaposa malipiro awo a miyezi itatu. Madzulo ake anandiimbira foni. Anangoti mogonja, "Nanga nditani achimwene, poti walanti ilibe."

Anthu ambiri amene ali ndi galimoto m'dziko muno amaganiza chimodzimodzi: kuti popanda walanti, chilichonse chimene chingawagwere ku galaja kapena ku shopu ya masipeya ndi tsoka lawo. Apa mpamene timatayira ndalama zambiri. Walanti ndi lonjezo chabe la kampani yopanga galimoto. Ku Japan makampani ngati Toyota amalonjeza kukonza ulere zinthu zambiri kwa zaka 3 kapena makilomita 60,000, ndipo zigawo zikuluzikulu monga injini ndi giyabokosi kwa zaka 5 kapena makilomita 100,000. Ma Vitz, ma Passo, ma Note ndi ma Freed amene amatsika pa doko la Dar es Salaam nkubwera kuno, ambiri lonjezo limeneli linawathera kalekale asanakwere nkomwe sitima. Koma lamulo la dziko lino silidalira lonjezo la kampani ya ku Japan. Limayambira pomwepo pamene mwapereka makiyi kwa makaniko, kapena pamene mwapereka ndalama pa kauntala kugula chipangizo.

Tiyambe ndi mbali yowawa. Kutha kwa galimoto chifukwa cha zaka ndi mtunda ndi katundu wa mwini wake, palibe wina woti amusenzere. Mabushi, mashoko, mabuleki, batire, ledieta yodzimbirira, zonsezi zimatha ngati nsapato. Inshulansi sikuthandizani apa, ngakhale ija timaitcha komprehensivi, chifukwa imalipira ngozi, moto ndi kubedwa; injini ikanoka yokha chifukwa cha ukalamba, kampani ya inshulansi idzakuonetsani ndime imene imakana zimenezo. Mitengo nayo siili m'manja mwa makaniko. Pafupifupi chipangizo chilichonse chimachokera kunja, ku Japan, ku Dubai, ku South Africa kapena ku Tanzania, ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya ku Biwi, ku Ndirande ndi ku Limbe inatsatira. Palibe lamulo limene lingakubwezereni mtengo wa 2021.

Chimene lamulo limakupatsani ndi mphamvu yosiyanitsa zinthu ziwiri zimene amakaniko ena amakonda kuziphatikiza: chimene chaonongeka chifukwa cha ukalamba, ndi chimene chaonongeka chifukwa cha manja a munthu.

Loweruka lake ndinapita kukaiona Sienta ija. Potsegula buti kuti tichotse zikwama za ana, tinapeza kagaloni ka oyilo kotsala theka, kokulungidwa m'jumbo. Achemwali anakumbukira kuti tsiku la sevisi mnyamata wa pa galaja anawaikira mmenemo nkunena kuti, "Wotsala ndi uyu mayi, mudzathirenso." Pa kagaloniko panalembedwa zilembo zitatu: ATF. Sienta yawo ili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT. Giyabokosi imeneyi ilibe magiya ngati a galimoto zakale. Ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka. Imafuna oyilo wakewake, amene amathandiza lambayo kugwira. Mukathiramo oyilo wa otomatiki wamba, lamba amayamba kuterereka, amatentha, amakanda mapule, ndipo pakangopita masabata ochepa galimoto imayamba kunjenjemera ndendende ngati mmene inachitira yawo. Ukalamba unalipo ndithu, sindikukana. Koma chimene chinamaliza giyabokosi ija chinali m'jumbo.

Pamene mwasiya galimoto pa galaja kuti ikonzedwe, mwapangana naye mwini galajayo pangano, kaya mwalemberana kaya mwangolankhula pakamwa pansi pa mtengo wa mango. Lamulo limaikamo m'panganolo zinthu zina ngakhale inu simunazitchule. Makaniko ayenera kugwira ntchitoyo mosamala ndi mwaluso loyenera munthu amene amadzitcha makaniko. Zipangizo ndi oyilo zimene wasankha yekha ziyenera kukhala zoyenera galimotoyo. Ngati simunagwirizane tsiku, ayenera kumaliza m'nthawi yomveka, osati galimoto kukhala pa miyala miyezi isanu ndi umodzi mpaka nkhuku kuikiramo mazira. Ngati simunagwirizane mtengo, ayenera kutchula mtengo womveka, osati womwe wamubwerera m'mutu ataona nsapato zanu. Akalephera chimodzi mwa izi ndipo inu mwaluza, ali ndi mlandu wobweza zimene mwaluzazo. "Pepani mayi" sapoletsa chilonda.

Chovuta si lamulo, ndi umboni. Makaniko adzanena kuti giyabokosi inali yotha kale, ndipo woweruza sadziwa za mapule. Achemwali anapulumukira kagaloni kaja, uthenga wa pa WhatsApp umene makaniko analemba kuti wasintha oyilo wa giyabokosi, ndi kalata ya theka la tsamba imene makaniko wa galaja ina analemba atatsitsa oyiloyo nkuona tizidutswa ta chitsulo tikunyezimira mmenemo. Kalata yotere ndi yofunika kulipira. Musalole kuti munthu yemweyo amene mukumukayikira amasule chinthucho yekha nkutaya zamkati wina asanaone.

Nkhani ya mtengo imabweretsa mikangano yambiri kuposa nkhani ya luso. Pali kusiyana pakati pa kotesheni ndi kungoyerekeza. Makaniko akanena kuti "ntchito yonse ndi zakuti" inu nkuvomera, mtengo ndi umenewo. Akanena kuti "mwina zifika cha m'ma zakuti, tione tikatsegula", wasiya khomo lotsegula, ngakhale kuti sangalumphe kufika kawiri kapena katatu osakufunsani. Pa galimoto yakale, zoona zake nzakuti munthu akatsegula malo amodzi amapezanso china chotha, ndipo makaniko wachilungamo sanganene mtengo weniweni asanamasule. Chotero mawu amene ayenera kukhala pa pepala, kapena mu uthenga wa pafoni, ndi awa: musagwire ntchito ina iliyonse kapena kugula chipangizo china musanandiuze ndi kumva yankho langa. Ntchito imene simunaipemphe ndiponso simunaivomere, simukakamizidwa kuilipira. Munthu amene anapereka galimoto kuti asinthe mabuleki sangapatsidwe bilu ya mashoko anayi chifukwa choti makaniko "anaona kuti atha". Mwina anathadi. Koma amene amasankha kuti mwezi uno ndalama ipite ku mashoko kapena ku fizi ndi mwini galimoto.

Pemphaninso kuti zipangizo zakale zimene achotsa azikuikirani m'buti. Ndi zanu. Makaniko amene akuzengereza kukuonetsani pampu yakale mwina sanaisinthe, anangoitsuka.

Tsopano pa mkangano umene umafika mpaka ku polisi: mwini galaja wakana kutulutsa galimoto mpaka mumalize kulipira. Anthu ambiri amathamangira kukanena kuti wawabera galimoto. Sanabe. Lamulo limalola munthu amene wakonza katundu wanu, pa ntchito imene munagwirizana, kuti amugwire kufikira mutalipira. Ufulu wakewo uli ndi malire ake. Amagwira galimoto chifukwa cha ntchito ya pa galimoto yomweyo, osati chifukwa cha ngongole ya mlamu wanu kapena ya galimoto ina. Kugwira si kugulitsa: sangaigulitse mwa iye yekha, sangachotse injini nkuika m'galimoto ya kasitomala wina, sangamayendere kukagula masipeya kutauni kapena kukanyamulira anthu usiku. Ndalama ya "malo oimikapo" sangangoitulukira pa tsiku la mkangano ngati simunagwirizane kale, kapena ngati sanakudziwitseni pamene munkasiya galimoto. Ndipo nthawi yonse imene galimoto ili m'manja mwake, ayenera kuisamala. Wailesi ikasowa, tayala la sipeya likasanduka lakutha, galasi likasweka, ndi iye woti afotokoze kuti zinatheka bwanji iye akusamala.

Nchifukwa chake ndi bwino kujambula galimoto pa foni tsiku loisiya: makilomita pa dashibodi, mulingo wa mafuta, matayala onse, batire, jeki. Masiku ano onjezani kuyang'ana kunsi. Pa paipi ya utsi pali kabokosi kosefa utsi, kamene amakaniko amakatcha catalytic converter, ndipo m'kati mwake muli tizitsulo tamtengo wapatali monga platinum ndi palladium. Kamabedwa, ndipo mwini galimoto amazindikira mochedwa, galimoto itayamba kulira mokweza ndi kuyatsa nyali ya injini. Kuchotsa chipangizo m'galimoto ya munthu osamuuza ndi kuba, ndipo apo mpamene polisi imalowerera. Mkangano wa bilu wokha si wa polisi, ndi wa khoti.

Nanga mukaona kuti bilu ndi yabodza, koma galimoto mukuifuna mawa? Musapite usiku ndi kiyi wa sipeya kukaitenga mozemba. Mudzasandutsa mlandu umene munali wolungama kukhala wokuvutani. Njira yanzeru ndi kulipira, koma mutalemba pa lisiti kapena mu uthenga kuti mukulipira kuti mutenge galimoto chabe, mtengowo simukugwirizana nawo ndipo mudzafuna kubwezeredwa. Mawu ochepawo amatseka pakamwa munthu amene angadzanene kuti munavomera.

Ku shopu ya masipeya nkhani ndi ya Sale of Goods Act, lamulo la kugulitsana katundu. Wamalonda akakugulitsani chipangizo, chiyenera kufanana ndi mmene wachifotokozera, chiyenera kukhala chogwira ntchito, ndipo ngati munamuuza galimoto yanu nkudalira iye kuti akusankhireni, chiyenera kukwana pa galimotoyo. Akanena kuti ndi "jenuwini" koma ndi feki ya m'bokosi lokongola, wakunamizani. Chikwangwani chija chimapachikidwa kuseri kwa kauntala, chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, chilibe mphamvu pa katundu woonongeka. Malamulo oteteza ogula amaletsa wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu wotere, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, lakhala likulanga mashopu pa chifukwa chimenechi. Koma tisapitirire muyezo: chikwangwanicho chimagwira ntchito ngati inu mwangosintha maganizo, kapena munagula nokha nambala yolakwika osafunsa.

Zakaunjika nazo zili ndi lamulo, kungoti muyezo wake ndi wotsikirapo. Injini yochotsedwa m'galimoto yodulidwa pakati ku Sharjah singayembekezeke kukhala ngati yatsopano, koma iyenera kulira ndi kuyendetsa galimoto. Ogulitsa ambiri amapereka masiku ochepa oyesera. Masikuwo alembedwe pa lisiti, pamodzi ndi nambala ya injini kapena ya giyabokosi, ndipo mugwirizane kuti akuyamba kuwerengedwa liti. Mukagula Lolemba, makaniko wanu nkudzaimanga Lachisanu la sabata yamawa, masiku asanu ndi awiri oyesera atha chinthucho chili pansi. Funsaninso amene adzalipire makaniko womanga ndi kumasula ngati chipangizocho chipezeka chakufa, poti ndalama imeneyo imapweteka ngati ya chipangizo chomwe.

Pali msampha umodzi umene eni galimoto timadzitchera tokha. Pofuna kupulumutsa ndalama, timakagula tokha chipangizo chotchipa nkupatsa makaniko kuti angomanga. Chikafa, wa shopu amati makaniko anamanga molakwika, makaniko amati munabweretsa feki, ndipo inu mwatsala pakati. Makaniko akagula yekha, udindo wa chipangizo ndi wa ntchito uli pa munthu mmodzi. Inde amaikapo kake pamwamba. Pa zinthu zazikulu, ine ndimaona kuti kakeko nkoyenera kulipira.

Chinthu chimodzi chimene kampani yopanga galimoto imakhalabe nacho ndi udindo walanti itatha ndi pamene yalengeza yokha kuti galimoto za mtundu wakuti zinatuluka m'fakitale ndi vuto loopsa, zibwerere zikakonzedwe. Chitsanzo chachikulu ndi ma airbag a kampani ya Takata, imene inagwa mu 2017. Mankhwala ofufumitsa thumbalo amaonongeka ndi kutentha ndi chinyontho, ndipo pa ngozi kachitini kake kamatha kuphulika nkumwaza zitsulo kumaso kwa woyendetsa. Galimoto mamiliyoni za Honda, Toyota, Nissan, Mazda ndi makampani ena zinaitanidwa, ndipo zambiri za zaka zomwezo ndi zimene zili m'misewu yathu. Makampani a ku Japan ali ndi masamba a pa intaneti pamene mumalemba nambala ya chasisi nkuona ngati galimoto yanu inaitanidwa. Ikapezeka pa mndandanda, pitani ndi nambalayo kwa dilala wa kampaniyo mukafunse. Kuitanidwa kotere sikutha ndi walanti.

Zinthu zikavuta, yambani ndi kalata kwa mwini galaja kapena shopu. Ikhale yaifupi: tsiku, ntchito imene munagwirizana, chimene chalakwika, chimene mukufuna, ndi tsiku lomaliza loti ayankhe. Musatukwane, kalatayo idzawerengedwa ndi anthu ena. Achemwali analemba yawo pa tsamba limodzi, nkuphatikizapo chithunzi cha kagaloni ndi kalata ya makaniko wachiwiri. Mwini galaja anayamba ndi kukalipa, kenaka anapempha kuti tikhale pansi.

"Akulu, tisafike kutali. Mnyamata wanga ndi amene analakwitsa."

Anagwirizana kuti galaja igule giyabokosi ndi kuimanga, achemwali aonjezere gawo lochepa poti yakaleyo inali itayenda kale mtunda wautali. Ndinaona kuti nkoyenera. Lamulo limakubwezerani pamene munali, silikupatsani giyabokosi yatsopano m'malo mwa ya zaka 14.

Kalata ikapanda kuyankhidwa, dandaulo limapita ku CFTC. Lamulo la Competition and Fair Trading Act la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 1998, linapatsa bungweli mphamvu yolamula wamalonda kubweza ndalama ndi yolipiritsa chindapusa. Palinso Consumer Protection Act ya 2003, ndi bungwe la ogula la CAMA limene limalandira madandaulo ndi kulankhulira anthu. Ngati mkangano uli ndi kampani ya inshulansi, woyang'anira makampani amenewa ali ku Reserve Bank of Malawi. Kukhoti la majisitireti kuli njira ya milandu ing'onoing'ono imene munthu amadziimira yekha popanda loya. Kalaliki wa khoti adzakuuzani ngati ndalama imene mukufuna ikulowa mmenemo kapena ikufunika khoti lokulirapo. Amene alibe ndalama ya loya angathe kufunsa ku Legal Aid Bureau. Mlandu wa pangano uli ndi zaka 6 zoti ukasumidwe, koma musadalire zimenezo. Galaja za pansi pa mtengo zimasamuka, ndipo mauthenga amapita ndi foni yobedwa.

Udindo wa mwini galimoto ndi wosavuta kuutchula, wovuta kuusunga mwezi ukakhala pakati. Makaniko amene wagwira ntchito yake bwino alipidwe pa nthawi. Amakaniko ambiri amadandaula za mabwana amene amatenga galimoto ndi mawu oti "ndikuponyera madzulo" nkusowa mpaka galimoto itafanso. Chipangizo chotchipa modabwitsa, chopanda lisiti, chogulitsidwa kuseri kwa msika, chikhoza kukhala chochotsedwa m'galimoto ya mnzanu usiku wathawu, ndipo kulandira katundu ukudziwa kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi wakuba ndi mlandu. Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act limafuna kuti galimoto ikhale ndi inshulansi yoteteza anthu ena ndi COF, chiphaso chotsimikizira kuti ndi yoyenera pamsewu, ndipo limaletsa kuyendetsa galimoto yosayenera pamsewu. Kukwera mtengo kwa mabuleki si chifukwa chimene khoti lingamve mwana akagundidwa pa zebra. COF ya pa galasi, makamaka ija yopezeka galimoto isanafike nkomwe poyezera, siimitsa galimoto. Ndalama ikachepa, eyakoni ndi penti zidikire. Mabuleki, matayala, chiwongolero ndi nyali sizidikira.

Tsiku limafika loti kukonza kulibenso phindu, pamene bilu imodzi yayandikira mtengo wa galimoto yonse ndipo mukudziwa kuti ina ikubwera. Ambiri timaganiza zoigulitsa msanga wina asanazindikire. Kugulitsa galimoto yakale mmene ilili nkololedwa, ndipo wogula kwa munthu wamba ali ndi udindo woiyang'ana yekha kapena kubwera ndi makaniko wake. Chimene sichiloledwa ndi kunama. Mukafunsidwa za giyabokosi nkunena kuti ilibe vuto mukudziwa kuti munathiramo mankhwala obisa kunjenjemera, kapena mukabweza makilomita m'mbuyo, wogulayo angathe kukubwezerani galimoto nkufuna ndalama zake, ndipo nkhani ikhoza kufika pa mlandu wopeza ndalama mwachinyengo. Lembani zovuta zimene mukuzidziwa pa pepala logulitsirana, nonse musayine, ndipo mupite limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini. Galimoto ikatsala m'dzina lanu, ikadzachita ngozi ku Karonga kapena ikadzagwidwa ndi katundu wakuba ku Mwanza, khomo loyamba kugogodedwa lidzakhala lanu.

Sienta ija ikuyendabe. Mwezi watha inafuna mashoko akutsogolo, ndipo amenewo achemwali analipira okha, lisiti nkuika m'kaenvelopu kamene tsopano kamakhala limodzi ndi bulubuku.